Masiku Makumi Asanu ndi Anayi

Fakitale ya magalasi itatitsekera chipata mu Novembala,
anandipatsa katoni yoikamo nsapato zanga za ntchito
ndi kalata yoti inshuwalansi yanga itha mwezi ukatha.
Zaka khumi ndi zinayi ndikuumba mabotolo muno mu Toledo,
ndinatuluka ngati botolo lomwelo,
wopanda kanthu m'kati, wosachedwa kusweka.

Ntchito ina ndinaipeza msanga, yosenza makatoni kosungira katundu.
Koma mayi wa mu ofesi, akumwetulira, anati:
Zachipatala tiyamba kukulipirirani
pakatha masiku makumi asanu ndi anayi.
Ndinafuna kumufunsa ngati matenda nawo amawerenga kalendala.

Choncho ndinagula ulalo.
Bambo Haldeman anandigulitsa pa foni, mawu awo osalala ngati batala:
Nchongowolokerapo, Mayi Ruczko, miyezi itatu basi,
madola zana ndi makumi anayi pa mwezi.
Kenako mafunso.
Munagonekedwapo m'chipatala? Mumasuta? Ndinu oyembekezera?
Nanga amuna anu?
Ndinati Orrin magazi amamuthamanga kuyambira kalekale.
Foni inakhala duu, ndinangomva zala zikugogoda kompyuta.
Zimenezo ayi, anatero. Matenda obwera nawo ndi anu.
Ife timalandira achilendo okha.

Usiku ndinabwereka magalasi a Orrin
kuti ndiwerenge tizilembo ta kumapeto,
tating'ono ngati nyerere zotuluka mu shuga.
Madola zikwi zisanu zoyamba mulipira nokha.
Mano ayi. Maso ayi. Uchembere ayi.
Bulangete lalifupi ili,
ukafunda mutu mapazi ali pamphepo.

Tinayamba kuwapatsa ulemu matupi athu.
Makwerero ndinawamangirira ndi tcheni m'galaja,
nyali za Khirisimasi chaka chino sizinakwere padenga.
Tobiah, mwana wanga, ankalira pawindo
anzake akutsetsereka pa chipale chofewa kukaphiri ka kupaki,
ine nkumati dikira Malichi,
ngati kuti chipale chimadikira munthu.
Orrin ankadula mapiritsi ake pakati ndi mpeni wa anyezi.
M'mawa uliwonse ndinkapha tsiku limodzi
pa kalendala ya pafiriji, ndi cholembera chofiira.

Tsoka silinunkha.
Patatsala masiku khumi ndi atatu,
sanali makwerero, sanali mwanayo.
Ndinali ine, ndi thumba la malalanje,
pa ayezi wa pakhomo la sitolo.
Mkono unalira kuti thyo!
Malalanje anagubuduka kulowa pansi pa magalimoto.
Mnyamata wina anasolola foni kuti aitane ambulansi.
Ndinamugwira mwendo ndi dzanja lotsalalo:
Chonde mwanawe, usaimbe. Ingonditolera malalanjewo.

Ndinayendetsa galimoto ndi dzanja limodzi mpaka kuchipatala,
ndikuwonkhetsa masamu m'mutu pa maloboti ofiira aliwonse.
Namwino anatembenuza khadi langa uku ndi uku
ngati ndalama ya dziko lina.

Bilu inabwera mu envulopu yoyera:
madola zikwi zisanu ndi mazana atatu.
Iwo analipira mazana atatuwo.
Bambo Haldeman sananame, ayi.
Ulalo unalipodi,
kungoti thabwa lake loyamba linali pakati pa mtsinje.

Lero khadi latsopano lafika, la buluu, lonyezimira.
Orrin wameza piritsi lathunthu, wakhosomola, waseka.
Tobiah wathamangira pawindo,
koma kukaphiri kuja kwatsala matope ndi udzu wakufa.
Sananene kanthu. Wangovula chipewa chake.

Khadi lakale sindinalitaye.
Limakhala m'galimoto, pambali pa chiwongolero.
M'mamawa kukazizira limapala bwino chisanu
pagalasi la kutsogolo,
ndipo ntchito imeneyo, kunena zoona,
limaigwira osandifunsa ngati ndinadwalapo.